Zaka 7 ndili kalaliki mu ofesi ya HR, ndiphunzire chiyani kuti ndikwere?

Tiyamike:
Akuluakulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonseyi, mundithandize maganizo. Ndakhala pa kampani ina ku Kanengo kwa zaka 7, mu ofesi yoona za antchito (HR). Ndinalowa ukalaliki ndili ndi MSCE ndi kasatifiketi ka kompyuta basi. Lero ndine amene ndimakonza payroll (malipiro) ya anthu 140, ndimatumiza msonkho wa PAYE ku MRA, ndimalemba matchuthi, ndimasunga mafayilo, ndipo wantchito akaferedwa amayamba wafika pa tebulo langa asanapite kwina kulikonse. Mwezi watha panatseguka malo a HR Officer. Ndinalemba kalata koma ngakhale ku intavyu sanandiitane, chifukwa ankafuna wa digiri kapena dipuloma yapamwamba. Atenga mtsikana wongomaliza kumene ku koleji, mwana waulemu ndithu, sindingamunenere choipa. Lolemba ndinakhala naye kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka ndikumuonetsa mmene timawerengera ovataimu ya alonda. Ameneyo ndiye bwana wanga tsopano. Nditafika kunyumba ndinadzitsekera kuchipinda, nsima sindinaikhudze.

Funso langa ndi ili: ndiyambe dipuloma ya ABE kapena ABMA (mabungwe a mayeso a ku Britain), kapena ndidikire kudzalowa digiri ya mature entry, njira ija yolowera ku yunivesite ya anthu amene ali kale pa ntchito? Ndili ndi ana awiri pa sukulu, ndalama yoti nditaye ndilibe.

Esnart:
Pepani achemwali. Zimenezi zimapweteka kwambiri, ndinadutsamo.

Limbani:
Asisi, ine ndikuuzani zoona zanga, musakhumudwe. Ndili ndi digiri ya HR yomweyo, ndinamaliza zaka zinayi zapitazo. Panopa ndili pa kabenchi ka Airtel Money ku Chinsapo. Makalata ndalemba mpaka ndinasiya kuwerenga. Kulikonse akuti akufuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka zitatu. Inu muli ndi zaka 7 akuti mulibe pepala, ine ndili ndi pepala akuti ndilibe zaka. Muno m'Malawi chimene chimakweza munthu ndi kudziwana. Ndalama zanuzo mugulire ana yunifomu.

A Nkhoma:
Limbani mwana wanga, ululu wako ndaumva ndipo sindikuutsutsa. Kukondera kulipo, ndakuona ndi maso angawa. Koma usamubweze mchemwali wakoyu panjira, chifukwa nkhani yake ndi yako n'zosiyana.

Ndakhala pa mipando yofunsa anthu ntchito kwa zaka zoposa 20, ku Blantyre kuno. Ndikuuzeni mmene zimayendera kuseri kwa chitseko. Mukalengeza malo amodzi a HR Officer, makalata amabwera mulu, nthawi zina kudzaza katoni. Palibe amene ali ndi nthawi yowerenga mbiri ya aliyense. Timayamba ndi sefa: ali ndi pepala lomwe tinalemba pa chilengezo kapena alibe? Amene alibe amapita pambali osatsegulidwanso, ngakhale akhale katswiri chotani. Ndipo sikuti ndi nkhanza chabe. Mawa bodi kapena ma auditor akafunsa kuti munamusankha bwanji uyu kusiya awa, pepala ndi limene mumaloza. Zaka 7 za mayi Tiyamike ndi chuma chenicheni, koma panopa chuma chimenecho chikuoneka kwa anthu a ku Kanengo okha amene amawaona tsiku ndi tsiku. Wa ku Limbe amene wangolandira envelopu sangachione.

Ndiye pakati pa awiri inu, amene ali pafupi ndi ntchito yabwino ndi mayiwa. Pepala limatheka kulipeza madzulo ndi Loweruka. Zaka 7 za pa tebulo sungazigule kwina kulikonse.

Tiyamike:
Zikomo bambo, mwandilimbitsa mtima. Nanga pepala lake liti?

Mayi Gondwe:
Ndiyankheko ine poti njira imeneyi ndinaiyenda. Ndili ku Mzuzu, ndimayang'anira za antchito pa bungwe lina lothandiza anthu. Ndinayamba ngati sekilitale. Ndinachita ABE, ya Business Management and Human Resources, kuyambira Level 4, kenako 5, mpaka 6, ndikuphunzira madzulo ndikaweruka. Pambuyo pake ndinakalowa digiri ya mature entry.

Pali zinthu zimene ndikanakonda munthu akanandiuza ndisanayambe. ABE ndi bungwe la ku Britain, kotero kupatula fizi ya pa koleji imene mumaphunzirayo, palinso ndalama ya umembala ndi ya mayeso yomwe imawerengedwa m'mapaundi. Pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mdzukulu wanga amene ankachita Level 5 anaima kaye chaka chathunthu. Ndiye musangofunsa fizi ya temu imodzi, afunseni akulembereni zonse mpaka kumaliza levulo, muone ngati thumba lanu lingapirire.

China, Level 6 ndi dipuloma yapamwamba ndithu, koma si digiri. Malo ena akalemba kuti digiri amatanthauza digiri basi, makamaka m'boma ndi m'mabungwe akuluakulu akunja. Anthu ena amapusitsidwa pamenepa ndi makoleji ofuna ophunzira. Koma kwa inu amene muli ndi MSCE yokha, dipuloma ndiye mlatho, chifukwa mature entry m'mayunivesite athu amafuna kuti ukhale ndi dipuloma kale komanso zaka zingapo za pa ntchito. Ndiye funso lanu loti ABE kapena digiri silili choncho kwenikweni. Muyamba ndi dipuloma mulimonsemo. Chomwe mungasankhe n'chakuti dipuloma yake ikhale ya kunja kapena ya koleji ya konkuno yolipira m'makwacha.

Ndipo musanapereke ndalama paliponse, muone kaye ngati koleji ndi maphunziro akewo ndi ovomerezeka ndi NCHE, bungwe la boma loona za maphunziro apamwamba, kapena ngati ndi malo amene ABE kapena ABMA imawazindikiradi. Safunsa anadya phula.

Chikondi:
Pa zofufuza kayezo ndikuvomereza. Kuno ku Johannesburg pepala lochokera kwathu amayamba alipititsa ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, kuti aliyese kuti likufanana ndi chiyani. Ndaona anzathu akubwezedwa chifukwa koleji yomwe anaphunzira sikudziwika kulikonse. Zaka ziwiri kungopita m'madzi.

Limbani:
Koma amayi, tiuzeni moona mtima. Zimene munaphunzira mu ABE zija mumazigwiritsa ntchito, kapena linangokhala pepala lotsegulira chitseko?

Mayi Gondwe:
Funso labwino achimwene. Zina sindinazigwiritsepo ntchito ayi, mayina a azungu ndi mabokosi ojambula amene tinkaloweza pofuna kukhoza mayeso. Koma pali mbali imodzi imene inasintha moyo wanga, ndipo si ya HR yeniyeni, ndi ya bizinesi: kuwerenga bajeti ndi kulankhula ndi manambala.

Kale ndikalowa mu msonkhano wa mabwana ndinkangonena kuti "antchito akudandaula, malipiro achepa." A akawunti ankangoyankha kuti ndalama kulibe, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine n'kubwerera ku ofesi ngati wamthenga wongonyamula madandaulo. Chaka china madalaivala athu ankachoka motsatizana, anayi m'miyezi isanu ndi umodzi. Ulendo uwu ndinakhala pansi ndi Excel. Ndinalemba ndalama yolengezera malo m'nyuzi, ya anthu okhala pa intavyu, yoyesera dalaivala pa msewu, ya masiku amene galimoto inaima osapita ku Chitipa ndi ku Nkhata Bay, ndi ya galimoto yobwereka imene tinalipira pofuna kuti ntchito isaime. Pambali pake ndinalemba ndalama imene ikanafunika kukweza alawansi ya usiku ya madalaivala onse kwa chaka. Yachiwiriyi inali yochepa. Ndinaika pepala limodzi lokha pa tebulo. A akawunti analiyang'ana kwa nthawi, anatenga kalikuleta yawo, anabwereza, kenako anati tichite choncho. Kuyambira tsiku limenelo sapanga bajeti ya chaka ine ndisanaitanidwe.

Madandaulo anali omwewo, madalaivala omwewo. Chinasintha ndi chilankhulo. Kalaliki amasunga mafayilo a anthu, koma amene amakwera ndi uja wotha kuuza eni kampani kuti zochitika pa antchitozi zikuwadyera ndalama zingati.

Esnart:
Amayi anena mbali imodzi, ine ndinene inzake, chifukwa pali dzenje limene ma dipuloma akunjawa satikwirira. Mabuku awo amalembedwa ndi maso a ku Britain. Malamulo a ntchito a m'Malawi mulibemo. Umatuluka ukudziwa mmene ungalimbikitsire antchito, koma osadziwa kuti tchuthi cha pachaka ndi masiku angati.

Ine ndili pa esiteti ina ku Mulanje. Nditangolandira dipuloma yanga anandikweza, ndipo ndinkadziona ngati ndafikapo. Tsiku lina m'mamawa manejala anapeza mlonda akugona pa geti. Anamutenga mpaka ku ofesi kwanga, bamboyo atavala chijasi chonyowa ndi mame, tochi ili m'manja, akunjenjemera. Manejala anati, lemba kalata, uyu wachotsedwa lero. Ndinalemba, ndinadinda, ndinamupatsa. Bambo uja anafuna kulankhula, ine ndinati zatha kale, pitani. Anapinda kalata ija kanayi, anaiika m'thumba la malaya, anavula nsapato za kampani pakhomo pomwepo n'kupita wapansi.

Patapita miyezi tinalandira samani ya ku Industrial Relations Court, khoti la milandu ya za ntchito. Kumeneko sanatsutse kuti kugona pa ntchito ndi mlandu. Anangofunsa kuti, munamupatsa mpata woti anene mbali yake? Pepala loonetsa zimenezo lili kuti? Tinalibe. Ndi pa khoti pomwepo pamene ndinamva koyamba kuti bamboyo anali atagwira mausiku awiri ndi usana womwe osapuma, chifukwa mnzake wosinthana naye anali kuchipatala, ndipo amene anamuuza kuti apitirize anali kapitawo wathu yemwe. Kampani inalipira chipukuta misozi. Koma chimene chimandiwawa mpaka lero si ndalamazo. Munthu uja anatsegula pakamwa mu ofesi mwanga ndipo ine ndinamutseka.

Usiku womwewo ndinasindikiza Employment Act yonse, ndinayamba kuwerenga ndi cholembera chofiira.

A Nkhoma:
Mwachita bwino kuinena nkhani imeneyi mayi, si onse amene amalimba mtima chotero. Limeneli ndi gawo 57 la Employment Act ya chaka cha 2000. Limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chochotsera munthu, komanso kumupatsa mpata wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Ndipo mlandu ukafika ku khoti, udindo woonetsa kuti zinayenda mwachilungamo uli pa wolemba ntchito, osati pa wochotsedwayo. Ine pa intavyu iliyonse ya HR ndinkafunsa funso limeneli: mwapeza mlonda akugona, muchita chiyani? Ambiri a mapepala okongola ankayankha kuti ndimuchotsa pompopompo. Amene wayankha kuti ndimulembera kalata yomuuza mlandu wake, ndimupatsa nthawi yokonzekera, ndimuitana adzanene mbali yake ali ndi womuperekeza, ndipo zonse zilembedwa, ameneyo ndinkaika chizindikiro pa dzina lake.

Mayi Tiyamike, kaya musankha ABE, kaya ABMA, kaya ya konkuno, pambali pake mukhale ndi sukulu yanu yachiwiri yaulere. Employment Act, Labour Relations Act ya 1996, Workers' Compensation Act ya 2000, Occupational Safety, Health and Welfare Act ya 1997, ndi lamulo la penshoni. Zili pa intaneti. Muziwerenga ndi zosintha zake zomwe, chifukwa malamulowa sakhala malo amodzi. Mwachitsanzo mu 2021 anaonjezeramo tchuthi cha abambo cha masabata awiri mwana akabadwa, koma mpaka lero ndimakumana ndi ma HR amene amabweza abambo n'kumati zimenezo kulibe.

Tiyamike:
Bambo, ndichite manyazi kunena, koma Employment Act sindinaiwerengepo yonse. Ndimangotsatira zimene ndinapeza amayi amene ndinalowa m'malo mwawo akuchita. Penshoni ndimadziwa kuti kampani imaika 10 peresenti, wantchito 5. Tchuthi timapereka masiku 18 poti timagwira mpaka Loweruka. Cha amayi oyembekezera masabata 8. Koma munthu atandifunsa kuti zalembedwa pati, sindingaloze.

A Nkhoma:
Zonse mwanenazo n'zolondola, ndipo amene amagwira masiku asanu pa sabata ndi masiku 15. Mwaona? Mukudziwa zambiri, chatsala n'kudziwa muzu wake. Palibe chamanyazi apa.

Mphatso:
Ndiponyeko mawu kuchokera kuno ku Leeds, ku Britain. Kuno pepala limene olemba ntchito za HR amayang'ana kwambiri ndi la CIPD, bungwe la akatswiri a HR, lili ndi Level 3, 5 ndi 7. Ndikuchita Level 5 panopa, kampani ikundilipirira. Ndi labwino, limakuphunzitsa kusonkhanitsa umboni usanapange chiganizo. Koma asisi Tiyamike, kwa inu panopa sindingakulangizeni. Mtengo wake m'mapaundi ndi wolemera ngakhale kwa ife amene timalandira mapaundi omwewo, ndipo malamulo amene timaphunziramo ndi a kuno. Likhale la mtsogolo, mukadzafuna ntchito m'mabungwe akuluakulu akunja.

Chimene ndingatengeko kuno n'kukupatsani ndi ichi: musachite manyazi kupempha kampani kuti ikulipirireni. Kuno palibe amene amadabwa nazo.

Mayi Gondwe:
Eya, ndipo kwathu kunonso zimatheka, kungoti sitipempha. Ine Level 6 anandilipirira theka, tinasainirana kuti ndikamaliza ndikhala zaka ziwiri osachoka, ndikachoka ndibweza. Inu ndi amene mumakonza payroll, mukudziwa kuti kampani yanu imalipira 1 peresenti ya malipiro ku TEVETA, bungwe loona za maphunziro a luso la ntchito. Mabwana anu nkhani ya maphunziro a antchito si yachilendo kwa iwo. Lembani kalata yaifupi, musadandaulemo za malo amene anakudumphani aja. Mulembemo maphunziro amene mukufuna, mtengo wake wonse, nthawi yake, kuti muziphunzira madzulo ndi Loweruka masana, ndi zimene kampani ipindule. Akakana mwataya pepala limodzi basi.

Yamikani:
Ife a m'boma zathu zimayenda mosiyana pang'ono, koma mfundo ndi yomweyo. Giredi imene umalowera imatengera pepala lako. Wa dipuloma ndi wa digiri salowera khomo limodzi, ndipo ndaona anthu odziwa ntchito kwambiri akukalambira pa giredi imodzi, akuphunzitsa ana amene akubwera kudzakhala pamwamba pawo, chimodzimodzi zanuzi achemwali. Komanso poti muli ku Kanengo, dziwani kuti Malawi Institute of Management (MIM) ya pafupi nanuyo ndi Staff Development Institute (SDI) ya ku Mpemba anaziphatikiza kukhala Malawi School of Government. Mukhoza kungodutsako pa nthawi ya nkhomaliro n'kufunsa ma dipuloma amene ali nawo ndi mitengo yake, muyerekeze ndi za ABE zija.

Limbani:
Chabwino, ndamva. Za asisiwa ndavomera kuti aphunzire. Koma nanga ife? Aliyense pano akunena kuti pepala ndi zaka ziyendere limodzi. Zaka ndizitenga kuti ngati palibe wondipatsa mpata?

Esnart:
Achimwene, sindikunamizani kuti n'zapafupi. Koma yang'anani pafupi nanu. Masukulu a pulayiveti, zipatala zing'onozing'ono, makampani a alonda, ambiri ali ndi antchito 30, 40, opanda ngakhale kontirakiti yolembedwa. Eni ake amadzidzimuka tsiku limene samani yafika. Pitani kwa mmodzi, mumuuze kuti mumukonzera makontirakiti, mafayilo ndi kaundula wa matchuthi, akupatseni kangachepe ndi kalata yochitira umboni. Si ntchito yokhazikika, koma pa CV mudzalemba chinthu chimene munachitadi ndi manja anu.

A Nkhoma:
Ndionjezereko. Lowa umembala wa IPMM, Institute of People Management Malawi. Iwe umati anthu amakwera chifukwa chodziwana. Pali kudziwana koipa, kwa chibale ndi ziphuphu, ndipo kumeneko ndimadana nako. Koma pali kudziwika kwabwino, koti anthu a ntchito yako akuone, akumve ukufunsa funso lanzeru pa msonkhano, adzakukumbukire malo akapezeka. Kumeneko palibe amene wakuletsa. Nditumizire CV yako ku inbox, ndiione. Sindikulonjeza ntchito, koma ndikuuza pamene ikulakwika.

Limbani:
Zikomo kwambiri bambo. Nditumiza usiku uno ndikatseka benchi.

Esnart:
Achemwali Tiyamike, chimodzi chomaliza kwa ine. Mtsikana watsopanoyo musamusungire kumtima. Sanalembe chilengezo ndi iye. Ndipo ali ndi zimene inu mukuzifuna, manotsi ake akadali atsopano. Inu mukumuphunzitsa ovataimu, iye akuphunzitseni kalembedwe ka asainimenti ndi kutchula mabuku amene mwatengamo mfundo, chifukwa pamenepo ndi pamene ife obwerera ku sukulu titakula timapunthwa. Asainimenti yanga yoyamba inabwezedwa pa chifukwa chimenecho.

Tiyamike:
Mwandigwira pamtima asisi. Kunena zoona masiku awiriwa ndakhala ndikumuyankha mwachidule. Dzulo anandibweretsera chikondamoyo cha kwawo, ine ndinangoti ikani apo. Mawa ndikonza.

Nazi zimene ndatola. Lachisanu pa nkhomaliro ndipita ku Malawi School of Government, Loweruka ndikaweruka ndizungulira makoleji awiri a mu tauni amene amaphunzitsa ABE ndi ABMA, onse andilembere mtengo mpaka kumaliza. Kalata ya kwa abwana ndilemba ndikakhala ndi manambala m'manja. Amayi Gondwe, ndingakutumizireni muiwerenge ndisanapereke?

Mayi Gondwe:
Tumizani mwanawe, ndiwerenga.

A Nkhoma:
Ndiye sukulu yaulere ija tiyambe lero lomwe. Tsegulani gawo 35 ndi ndandanda yoyamba ya kumapeto kwa Employment Act, monga anaisinthira mu 2010. Kampani yanu yachepetsa antchito chifukwa bizinesi sikuyenda. Pakati pawo pali bambo amene wagwira zaka 12 zathunthu. Severance yake, ndalama imene munthu wochotsedwa motere amalandira, ndi malipiro a masabata angati? Ena nonse musayankhe.

Tiyamike:
Ndipatseni mphindi pang'ono bambo, ndikutsitsa kaye, netiweki ikuvuta.

Tiyamike:
Ndapeza. Zaka zisanu zoyamba ndi masabata awiri pa chaka, akwana 10. Chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi masabata atatu pa chaka, akwana 15. Zaka ziwiri zotsalazo ndi masabata anayi pa chaka, 8. Onse pamodzi masabata 33.

A Nkhoma:
Mwakhoza. Tsopano bambo yemweyo akanakhala kuti wasiya yekha ntchito, kapena wapuma chifukwa cha ukalamba, mukanamupatsa severance? Werengani gawolo bwinobwino, mundiyankhe mawa m'mawa.

Tiyamike:
Ndiwerenga ana akagona. Mugone bwino nonse.